Kapiritsi Kamene Amayi Ankasiya

Amayi anagwa pa sitepe ya kuseri kwa nyumba yathu ku Luangwa, komboni ya kuno ku Kitwe, mvula itagwa masiku atatu osaleka. Anali atanyamula beseni la zochapa, phazi linaterereka pa ndere, ndipo anatsogoza dzanja lamanzere. Ine ndinali m'nyumba ndikumanga duku kuti ndizipita kumsika, kumene ndili ndi kashopu kosokera zovala. Ndinamva beseni likulira pa simenti, koma iwo sanakuwe. Nditatuluka ndinawapeza atakhala pansi, atagwira mkono, akuyang'ana zovala zomwe zinamwazikana m'matope.

"Tola kaye zovalazo," anatero. "Zikuda."

Kuchipatala anapeza kuti fupa la pamkono lathyoka, ndipo anawaika chikhakha. Dokotala anandionetsa chithunzi cha fupalo, nandiuza kuti mafupa a amayi apepuka, monga zimachitikira azimayi ambiri akakula. Anati ndiziwagulira mapiritsi a kashiamu. Anafunsanso ngati pali mankhwala ena amene amamwa. Ndinamuuza za kapiritsi ka BP kamene anali akumwa m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri.

"Kameneko apitirize," anatero, akulemba.

Amayi anali atadutsa zaka sevente. Anabwera kuno ku migodi kuchokera ku Katete ali kamtsikana kongokwatiwa kumene, kutsatira atate amene anapeza ntchito yokumba pansi. Atate atamwalira, nyumba ya kampani itatichoka, tinasamukira ku Luangwa, ndipo ine ukwati wanga utatha ndinabwerera kukakhala nawo. Chimene amayi ankakhalira moyo chinali kulalikira khomo ndi khomo. Ankatero kuyambira ndisanabadwe. Chikwama chawo chakuda cha timabuku chinkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko, nsapato zawo zafulati pansi pake. Makomo a ku komboni ya Ipusukilo ankawadziwa kuposa achibale athu a kumudzi. Ankadziwa nyumba ya galu wolusa, nyumba ya mayi amene mwamuna wake amamwa, nyumba imene ukagogoda amati "kalibu, lowani" ndi imene amangozimitsa wailesi n'kukhala chete. Chibemba chawo chinali chosalala moti ambiri sankadziwa kuti ndi a kum'mawa.

Imfa sankaiopa, ankaikamba ngati ulendo wa pa basi. Chimene ankaopa ndi kukhazikidwa pakhonde. Masabata sikisi a chikhakha aja anali ngati ndende kwa iwo. Ankakhala pampando moyang'ana kumsewu, akamaona anzawo akudutsa ndi zikwama ankangoti, "Muwapatse moni a kuja kwa mpanda wa malata."

Mapiritsi a kashiamu ndinagula ku kemisti m'tauni. Anali aakulu, oyera, ngati zidutswa za choko. Amayi anawatembenuza m'dzanja, n'kukwinya nkhope.

"Amenewa ndi a munthu kapena a ng'ombe?"

Masiku oyamba zinali zokakamizana. Ankati amawakakamira pakhosi, amawaumitsa m'mimba. Ndinkawadulira pakati ndi mpeni, koma nthawi zina ndinkapeza theka lili pa sosa atalivundikira ndi kapu.

Ndiye tsiku lina kushopu kunabwera mayi wina kudzasoketsa diresi la ukwati wa mwana wake. Ndikumuyeza, tinayamba kukamba za makolo, monga timachitira akazi a msinkhu wathu. Nditatchula za kashiamu, iye anati, "Eya, amenewo ndi abwino. Apongozi anga amamwa. Amati amatsitsanso BP." Sindinamufunse kuti anamva kwa ndani. Ndinali ndi mapini pakamwa, ndinangogwedeza mutu.

Madzulo ake, tikudya, amayi anakankhiranso piritsi lija pambali. Ine ndinali wotopa, msana ukundiwawa, ndipo ndinkangofuna kuti ameze tithane nazo.

"Amayi, imwani," ndinatero. "Amenewa si a mafupa okha. Amatsitsanso BP. Ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi."

Anasiya kutafuna, n'kundiyang'ana.

"Wamva kuti?"

"Anthu odziwa akutero."

Anatenga piritsilo, n'kulimeza lonse osadula. Kuchokera tsiku limenelo sitinakanganenso za kashiamu. Ndinadziona kuti ndine wochenjera. Mpaka ndinakamusimbira mchimwene wanga pa foni, tikuseka, kuti ndapeza njira yowagonjetsera amayi.

Mchimwene wangayo amakhala ku Ndola, amayendetsa malole. Atabwera kudzawaona chikhakha chitachotsedwa, anabweretsa makina oyezera BP, aja omanga pamkono n'kudina batani. Anawaphunzitsa amayi kukhala mowongoka, kuika mkono patebulo, kusalankhula makinawo akamapopa. Anawalembera pa kapepala nambala imene isamapitirire, n'kumata kapepalako pa chivindikiro cha bokosi. Amayi anawakonda makinawo. Anawasokera kansalu kowaphimbira, n'kuwaika m'chipinda chawo pafupi ndi Baibulo.

M'mawa uliwonse cha m'ma sikisi, ndikuwiritsa madzi a tiyi, ndinkamva makinawo akung'ung'udza kuseri kwa chitseko chawo, kenako n'kupuma mpweya. Akatuluka ndinkafunsa, "Zili bwanji lero?"

"Zili bwino."

Ine ndinkakhala ndikuthamangira basi. Sindinalowepo m'chipindamo kukaona ndi maso anga. Anali munthu wamkulu wanzeru zake, wowerenga kuposa ine. Ndikanayamba bwanji kuwalonda ngati mwana?

Ndipo ankaonekadi bwino. Anabwerera ku ulaliki ali ndi mphamvu zimene sindinazione kwa zaka. Kale ankapita Lachinayi ndi Loweruka, n'kubwerera teni koloko isanakwane. Tsopano anayamba kupita masiku anayi, asanu, n'kumafika kunyumba dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu, nkhope ikuwala. Ankandisimbira za makomo atsopano a kumapeto kwenikweni kwa Ipusukilo, kumene sankafikako kale. Aliyense amene ankandifunsa chinsinsi chake ndinkamuuza kuti ndi kashiamu.

Mu Okutobala anayamba kudandaula mutu, kumbuyo kuno pamwamba pa khosi. Tsiku lina ndinapeza kansalu ka magazi m'ndowa, iwo n'kuti ndi kamfuno chabe. Tonse tinati ndi kutentha. Kunkatenthadi chaka chimenecho, malata ankachita kulira masana. Ndinawagulira ambulera.

Foni inabwera Lachinayi cha m'ma leveni, ndili pa makina osokera. Anali mnzawo wa amayi wa ku Kamitondo, mayi wachikulire wa mumpingo mwathu amene ankayenda nawo khomo ndi khomo kwa zaka zambiri. Mawu ake anali odekha modabwitsa.

"Mwana wanga, siya zimene ukuchita. Amayi ako agwa kuno ku Ipusukilo. Tapeza galimoto, tikupita nawo kuchipatala chachikulu. Sakulankhula."

Ndinasiya shopu osatseka. Mu basi ndinkangoganiza za fupa, kuti lathyokanso liti, mwendo kapena chiuno. Za mutu sindinaganize n'komwe.

Ndinawapeza pa bedi, maso ali otsegula, pakamwa patapotokera mbali imodzi. Dzanja lamanja linali litagona pa bulangete ngati si lawo. Dokotala wamkazi anandiitanira pambali, n'kundiuza kuti ndi sitiroko, ndipo BP yawo pofika inali yokwera kwambiri.

"Mankhwala awo amamwa?"

"Tsiku lililonse," ndinatero. "Ndimakawatengera ndekha ku kiliniki. Amadziyezanso m'mawa uliwonse."

Anandiyang'ana mokayika, n'kupita kwa wodwala wina.

Mnzawo wa amayi uja anali atakhala pa benchi panja, zikwama ziwiri zili pamiyendo, chake ndi cha amayi. Anandikoka dzanja kuti ndikhale.

"Ndamva zimene wawayankha adokotala," anatero. "Usandikwiyire. Kapiritsi kakang'ono kaja amayi ako sankamwa masiku olalikira."

Ndinamuyang'ana osamvetsa.

"Kaja kamakodzetsa. Ukamwa m'mawa, pofika naini wapita kuchimbudzi katatu. Ndiye tili pamakomo a anthu, mwana wanga. Ungagogode kuti wabwera ndi uthenga wabwino, kenako n'kupempha chimbudzi? Kwina chimbudzi n'chimodzi cha mabanja asanu, chokhoma ndi loko. N'chifukwa chake kale tinkabwerera msanga. Ine ndinawauza kuti, anzanga, musamatero. Anandiyankha kuti palibe vuto, aakulu oyera aja akugwira ntchito zonse ziwiri. Anati unawauza ndiwe."

Sindikumbuka chimene ndinayankha. Ndikukumbuka kuti pansi pa benchiyo panali chisoti cha botolo chofiira, ndipo ndinachiyang'ana nthawi yaitali.

Mawa lake ndinamutsatira dokotala uja m'khonde, n'kumuuza zoona. Sanandikalipire. Anangoti kashiamu ndi wa mafupa, ndipo kaya anthu akambe zotani za iye, sangalowe m'malo mwa mankhwala a BP. Kenako ananena chinthu chimene chimandibwererabe mpaka lero.

"Akanangotiuza kuti kukodza kukuwavutitsa. Alipo mankhwala ena osakodzetsa. Tikanawasinthira."

Ananena mopepuka, akuyenda, ngati mmene ine ndimauzira kasitomala kuti zipi ndingasinthe.

Mchimwene wanga anafika kuchokera ku Ndola Loweruka masana. Tinapita kunyumba kukatenga zovala za amayi. M'chipinda chawo zonse zinali m'malo mwake, bedi loyala bwino, makina aja ataphimbidwa ndi kansalu kawo. Iye anawavundukula.

"Ukudziwa kuti amasunga?" anatero.

"Amasunga chiyani?"

"Nambala zonse. Ukadina apa amakuonetsa za m'mbuyo."

Sindinkadziwa. Sindikudziwa ngati amayi ankadziwa. Tinakhala pa bedi lawo, iye n'kumadina. Nambala yoyamba kuoneka inali ya Lachinayi lija m'mawa, ndipo inapitirira thu handiredi. Anadinanso. Tsiku lomwelo, patangopita mphindi zinayi, anali atayezanso. Anadinanso: kachitatu. Ndiye kuti m'mawa umene uja, ine ndikuika shuga mu tiyi, amayi anakhala pamene tinakhala ifepo, anaona nambalayo, sanaikhulupirire, anayezanso, anayezanso, kenako anaphimba makina, n'kutuluka kudzandiuza kuti zili bwino.

Anapitiriza kudina, kubwerera m'mbuyo, Okutobala, Seputembala, Ogasiti. Lolemba lililonse nambala inkatsikako, chifukwa Loweruka madzulo ndi Lamlungu ankamwa kapiritsi kaja. Pofika Lachinayi inkakweranso. Kapepala ka mchimwene wanga kanali pomwepo pa chivindikiro, ndi nambala yake yosayenera kupitirira. Anali ataipitirira kwa miyezi.

"Iwe sunkaona?" anafunsa, osandiyang'ana.

Sindinamuuze za mawu anga aja. Ankawadziwa kale, tinali titaseka nawo limodzi pa foni. Anazimitsa makinawo, n'kuwaphimba monga anawapezera. Mpaka lero sitinaikambenso nkhaniyo.

Amayi anatuluka m'chipatala patapita masabata atatu. Mbali yamanja sinadzukenso. Mawu anabwerako pang'ono, koma Chibemba chonse chinapita, chija chimene analalikira nacho zaka fifite. Anthu a mumpingo akabwera n'kuwapatsa moni wa Chibemba, ankangowayang'ana ngati alendo. Chinatsala ndi Chichewa cha kumudzi, mawu amodziamodzi, ena oti ine sindinawamvepo. Nthawi zina ankanditcha "akulu", ndipo ndinazindikira kuti akuona mkulu wawo amene anamwalira ku Katete ine ndili wakhanda.

Ndinasamutsira makina osokera kunyumba kuti ndiziwasamalira. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa phala ndi supuni, kuwapatsa mankhwala atsopano amene anatipatsa kuchipatala. Masana ndinkawakhazika pakhonde. Anzawo akamadutsa ndi zikwama, ankatembenuzira nkhope kukhoma.

Kamodzi kokha ndinayesa kufunsa. Kunali m'mawa, ndikuwapesa tsitsi, ndili kumbuyo kwawo kuti asandione nkhope.

"Amayi, munandikhulupiriradi zija ndinanena za mapiritsi oyera? Kapena munkadziwa kuti si zoona?"

Ndinaganiza kuti sanamve. Kenako anakweza dzanja lamanzere, lija linathyoka, n'kugwira chipeso pamodzi ndi zala zanga. Anafinya. Milomo inayenda, koma chimene chinatuluka sichinali mawu. Ndakhala ndikukumasulira kufinya kumeneko m'njira zonse. Masiku ena ndimati ankandikhululukira. Masiku ena ndimati ankandiuza kuti ndisadzitame, anasankha okha, mawu anga anangowapatsa pobisala. Masiku ena ndimati ankangofuna ndisiye kuwakoka tsitsi.

Anamwalira mu Juni, m'nyengo yozizira, Lamlungu masana nditangowamwetsa tiyi. Tinawaika kuno ku Kitwe pafupi ndi atate.

Patapita miyezi iwiri ndinapempha mnzawo wa ku Kamitondo uja kuti andilozere nyumba imene anagwera. Anandifikitsa pa kanjira, n'kundisiya kuti ndipite ndekha. Inali nyumba ya zipinda zingapo zochititsa lendi, ana ambiri pabwalo, makala atawunjika m'timapepala pa thebulo la pamsewu. Mwini makalawo anali mayi wamng'ono kwa ine, mwana ali kumsana. Nditadzifotokoza, anaika manja pachifuwa.

"Ndinu mwana wa ba mayo? Kalibu, mukwai. Khalani."

Tinalankhula Chibemba. Anati amayi ankabwera kwa iye Lachinayi lililonse kwa zaka zitatu. Tsiku lija anali pakati powerenga, mawu anayamba kukokeka ngati a munthu woledzera, buku linagwa, iwo n'kutsamira pa phewa lake. Anandionetsa pamene anakhala. Kenako anayamba kugwedeza mwana, ngati akudzifunsa ngati anene.

"Pali china," anatero. "Anandipempha kuti ndisauze munthu. Koma poti anapita, ndipo inu ndinu mwana wawo."

Anati chaka cham'mbuyo, asanathyoke mkono, amayi anafika tsiku lina okha, mnzawo akudwala. Ali mkati mocheza anapempha chimbudzi, chinthu chimene sanachitepo. Chimbudzi chinali chokhoma, ndipo kiyi anali atapita naye mnzake wa chipinda china kumsika. Anathamangira kwa aneba, nakonso kunalibe munthu. Pobwerera anapeza amayi ataima pakati pa bwalo, madzi akutsika m'miyendo mpaka mu nsapato, ana a pabwalo atawazungulira akuseka.

"Sanalire," anatero. "Anangoima, chikwama atachikweza m'mwamba kuti mabuku asanyowe. Ndinawalowetsa m'nyumba, ndinawapatsa madzi, ndinawabwereka chitenge changa. Ndinkaganiza kuti sadzabweranso. Lachinayi lotsatira ndinangomva odi."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitenge chobiriwira cha masamba achikasu, chopindidwa bwino.

"Anandibwezera atachapa, atasita. Onani, chinali chong'ambika m'mphepete monsemu, anachisoketsanso. Sindichivalanso, ndimangosunga."

Ndinachitambasula pa maondo. Mpendero wake unali wopinda kawiri, ulusi wobiriwira, ndipo pa ngodya iliyonse msoko unabwerera m'mbuyo katatu. Ndimasoka choncho ndine. Ndinachikumbukira pomwepo. Amayi anabwera nacho kushopu tsiku lina masana, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, n'kunena kuti ndi cha mnzawo, ndichikonze msanga. Ndinaona kuti si chawo, ndinaona kuti avala nsapato za ku misonkhano pakati pa sabata, ndinaona kuti sakundiyang'ana m'maso. Panali makasitomala awiri akudikira. Ndinachisoka mphindi zisanu, n'kuwapatsa, iwo n'kupita.

Mayi uja anafuna kundipatsa chitengecho. Ndinakana, ndinati ndi chake. Ndinagula makala kapepala kamodzi ngakhale kunyumba analipo, n'kutsanzika. Basi sindinakwere. Ndinayenda wapansi mpaka m'tauni, ndikudutsa makomo amene sindinkawadziwa, ndipo pa makomo ena anthu ankasiya zimene akuchita n'kundiyang'anitsitsa, chifukwa nkhope yanga ndi ya amayi.